Siginecha ya phungu ndi lisiti losowa: lipoti la nkhani ya ma alawansi ku Westminster

Pa 8 Meyi 2009 nyuzipepala ya Daily Telegraph ya ku London idayamba kusindikiza mafomu omwe aphungu a House of Commons, nthambi ya aphungu osankhidwa ya Nyumba ya Malamulo ya ku Britain yomwe imakumana ku Westminster, ankalemba pofuna kubwezeredwa ndalama. Masabata awiri asanathe, Sipikala Michael Martin adalengeza kuti akutula pansi udindo. Sipikala womaliza kuchotsedwa pampando mokakamizidwa adali Sir John Trevor mu 1695. Miyezi itatu isanakwane, lamulo latsopano lidalanda Nyumbayo mphamvu yodzilipira yokha, ndipo pofika kumapeto kwa 2013 anthu asanu omwe adali aphungu adali atalawa ndende.

Ambiri amakumbukira kanyumba ka abakha ndi ngalande yozungulira nyumba ya phungu wina, zomwe zidapezeka pa mafomuwo. Ine ntchito yanga ndi yofufuza mabuku a ndalama, makamaka mbali ya ma alawansi, choncho maso anga amathamangira pa desiki yomwe mafomuwo ankafikira. Lipotili likutsata desikiyo: ankakhalapo ndani, bwana wake adali ndani, ndipo ankaloledwa kufunsa mafunso mpaka pati.

Alawansi yake ndi omwe ankaiyang'anira

Phungu wa dera lakutali ndi London amagwira ntchito malo awiri. Mkati mwa sabata amakhala ku Westminster, kumapeto kwa sabata amapita kudera kwake. Mu 1971 Nyumbayo idakhazikitsa alawansi yomuthandiza kulipira malo achiwiri ogona, yotchedwa Additional Costs Allowance. M'chaka cha 2008/09 malire ake adali £24,006 pa phungu mmodzi, yosadulidwa msonkho, pomwe malipiro a phungu mu 2009 adali £64,766 pachaka. Maboma otsatizana ankachita mantha kukweza malipiro a aphungu poyera poopa ovota, ndipo m'kupita kwa nthawi aphungu ambiri adayamba kuiona alawansiyi ngati mbali ya malipiro yomwe imafunika kuitolera chaka chisanathe.

Ogwira ntchito m'Nyumbayo, kuyambira alembi mpaka owerengera ndalama, amalembedwa ntchito ndi House of Commons Commission. Bungweli lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1978, wapampando wake ndi Sipikala, ndipo pa nthawi ya nkhaniyi mamembala ake onse adali aphungu. Cholinga cha lamulolo chidali chabwino ndithu: Nyumba ya Malamulo isamagwade kwa nduna zomwe ikuyenera kuziyang'anira popempha ndalama zoyendetsera ntchito. Koma ufulu womwewo udaphimba chinthu china. Malamulo a ma alawansi ankakonzedwa ndi komiti ya aphungu omwewo, Members Estimate Committee, n'kulembedwa m'kabuku kotchedwa Green Book. Ofesi yolandira mafomu ndi kulipira, Fees Office, idali pansi pa akuluakulu omwewonso. Wopempha ndalama, wolemba malamulo a kapemphedwe, ndi bwana wa wolipira, onse adali gulu limodzi. Zili ngati banki m'khonde yomwe msungichuma wake ndi wantchito wa pakhomo pa wobwereka.

Taonani fomu imodzi momwe inkayendera. Phungu ankalemba zomwe wagula kapena walipira, n'kusaina pansi kutsimikiza kuti ndalamazo adazigwiritsa ntchito pa udindo wake wa uphungu basi, ndipo kudali kofunikira kutero. Chinthu chilichonse chosafika £250 sichinkafuna lisiti, mpaka mu Epulo 2008 pomwe malirewo adatsitsidwa kufika pa £25. Chakudya chinkaloledwa mpaka £400 pamwezi popanda lisiti, kutanthauza £4,800 pachaka yotuluka pa siginecha yokha. Phungu akagula katundu wa m'nyumba, makalaliki ankayerekeza mtengo wake ndi mndandanda wotengera mitengo ya m'sitolo ya John Lewis: khitchini yatsopano mpaka £10,000, wailesi ya kanema mpaka £750. Mndandandawu udali wachinsinsi mpaka mu Malichi 2008. Ndipo ofufuza mabuku a boma a National Audit Office ankaima pa siginecha ya phungu. Akaona kuti phungu wasaina, sankapitirira kufunsa ngati chinthucho chidagulidwadi. Kwa ife a ntchitoyi pamenepa ndi pomwe padagona vuto lonse, chifukwa siginecha imangotiuza yemwe akunena, osati ngati zonenedwazo n'zoona.

Zotsatira zake zikuoneka bwino pa nkhani ya Elliot Morley, yemwe adakhalapo nduna. Iye adapitiriza kupempha £800 pamwezi ya chiwongoladzanja cha ngongole ya nyumba pomwe ngongoleyo idatha kubwezedwa mu 2006. Sitetimenti imodzi yochokera kwa obwereketsa ikadaulula zonse. David Chaytor ankapempha ndalama za lendi ya nyumba ya ku London yomwe idali yake yomwe. Awa adali akuba enieni, ndipo adali ochepa. Chomwe chidadya ndalama zambiri chidali chololedwa ndi Green Book. Phungu ankasankha yekha kuti nyumba yake yachiwiri ndi iti, ndipo ankatha kusintha. Chaka chino yachiwiri ndi ya ku London, aikonza ndi ndalama za boma. Chaka chamawa alemba kalata kuti yachiwiri tsopano ndi ya kudera, nayonso aikonza. Ena pogulitsa nyumba ankauza ofesi ya misonkho kuti ndi nyumba yawo yeniyeni kuti asalipire msonkho wa phindu, pomwe ku Fees Office nyumba yomweyo idalembedwa ngati yachiwiri. Hazel Blears, yemwe adali nduna, adapereka £13,332 ku ofesi ya misonkho nkhani yotereyi itaululika. Margaret Moran, phungu wa Luton South, adapempha £22,500 yokonzera matabwa owola m'nyumba ya ku Southampton, mzinda womwe sudali London kapena dera lake.

Si kuti makalaliki ankangodinda chilichonse. Pa fomu ya Sir Peter Viggers, pambali pa £1,645 ya kanyumba ka abakha koyandama padziwe, wa mu ofesimo adalembapo kuti izi n'zosaloledwa. Koma kalaliki wokana ankadziwa kuti phungu akhoza kukadandaula kumwamba, ndipo kumwambako kudali aphungu anzake. Ankadziwanso zomwe zidachitikira Elizabeth Filkin, Kamishonala woona za khalidwe la aphungu kuyambira 1999 mpaka 2002, yemwe adafufuza nduna ndi aphungu amphamvu mosaopa nkhope, kontirakiti yake n'kutha osawonjezedwa. Wantchito wamng'ono akaona zotere safunika kuuzidwa kawiri.

Zaka zinayi zokanirira mapepala

Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zidziwitso za boma lidavomerezedwa mu 2000 ndipo lidayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Januwale 2005. Aphungu adaika Nyumba yawo pansi pa lamuloli, mwina osaganiza kuti tsiku lina lidzawatembenukira. Atolankhani atatu, Heather Brooke, Ben Leapman ndi Jonathan Ungoed-Thomas, adapempha tsatanetsatane wa alawansi ya nyumba yachiwiri ya aphungu 14, kuphatikizapo Tony Blair, Gordon Brown ndi David Cameron. Akuluakulu a Nyumbayo adakana. Ankasindikiza kale chiwerengero chonse cha phungu aliyense pachaka, ndipo ankati zimenezo n'zokwana, zina zonse ndi moyo wamseri wa aphungu.

Kukanaku kudayenda njira zingapo. Mu Meyi 2007 House of Commons idavomereza bilu ya phungu David Maclean yochotsa Nyumba ya Malamulo yonse pansi pa lamulo la zidziwitso, koma biluyo idafera ku House of Lords, nthambi yachiwiri ya Nyumba ya Malamulo, chifukwa palibe membala ndi mmodzi yemwe adavomera kuinyamula. Mu Febuluwale 2008 bwalo la Information Tribunal lidalamula kuti mapepalawo atulutsidwe, ndipo lidadzudzula kufooka kwa kayang'aniridwe ka alawansiyo. Nyumbayo idachita apilo pogwiritsa ntchito ndalama za misonkho ya anthu omwe inkawabisira, n'kugonja ku High Court pa 16 Meyi 2008. Pa 3 Julayi chaka chomwecho aphungu adapatsidwa mwayi wodzikonza okha, pomwe komiti yawo idabweretsa ganizo loti ofufuza ochokera kunja aziona mafomu. Adalikana ndi mavoti 172 kwa 144. Mu Januwale 2009 boma lidayesanso kubweretsa lamulo lobisa malisiti, n'kulichotsa patangotsala pang'ono kuvota anthu atakwiya.

Ku Scotland njira ina idali itaoneka kale. David McLetchie atatula pansi utsogoleri wa chipani cha Conservative kumeneko mu 2005 chifukwa cha ndalama za matakisi, Nyumba ya Malamulo ya ku Edinburgh idayamba kuika zopempha za mamembala ake pa intaneti. Westminster idaona, osatengerapo.

Atagonja kukhothi, akuluakulu a Nyumbayo adaganiza zotulutsa mapepala a aphungu onse 646, koma atafufuta kaye zomwe ankati n'zachinsinsi. Ntchito yofufutayi ili mkati, disiki yokhala ndi mapepala osafufutidwa idatuluka, ndipo Daily Telegraph idaigula pa £110,000. Zoyamba zomwe Sipikala Martin adachita zidaonjezera moto. Pa 11 Meyi adaima m'Nyumbamo kulankhula zopereka kupolisi nkhani ya yemwe adatulutsa disiki, n'kukalipira phungu Kate Hoey yemwe adafunsa ngati kutero sikuwononga nthawi ya apolisi. Pa 19 Meyi adalengeza zochoka, ndipo John Bercow adasankhidwa m'malo mwake pa 22 Juni.

Tsiku lomwe ndimakonda kuwaonetsa anzanga a ntchito ndi 18 Juni 2009, pomwe Nyumbayo idatulutsa yokha mapepala oposa miliyoni imodzi. Masamba ambiri adali ndi mabokosi akuda bii, ena tsamba lonse lakuda kungotsala chiwerengero pakona. Ma adiresi onse adafufutidwa, chifukwa mu Julayi 2008 aphungu adapeza lamulo lapadera lobisa komwe amakhala. Chifukwa chake chidali chitetezo, ndipo sindichipeputsa. Koma popanda adiresi palibe yemwe akadadziwa kuti phungu wasintha nyumba yachiwiri katatu, kapena kuti nyumba yokonzedwayo ili kutali ndi dera lake. Zopempha zokanidwa ndi makalata apakati pa aphungu ndi Fees Office sizidatulutsidwe. Zikadakhala kuti disiki ija sidatuluke, Nyumbayo ikadanena kuti yamvera khothi, yatulutsa mapepala miliyoni, ndipo nkhani yeniyeni ikadatsala pansi pa inki.

Kubweza ndi milandu

Sir Thomas Legg, yemwe adakhalapo mlembi wamkulu m'boma, adapatsidwa ntchito younikanso zopempha zonse za alawansiyi kuyambira 2004 mpaka 2009. Lipoti lake lidatuluka pa 4 Febuluwale 2010. Pa aphungu ndi aphungu akale 752 omwe adaunikidwa, oposa theka adauzidwa kubweza, ndipo ndalama zonse zidafika pafupifupi £1.1 miliyoni apilo atatha. Legg adapeza kuti malamulo adali osamveka bwino, kuti Fees Office inkagonjera aphungu mwaulemu wopitirira, ndiponso kuti inkatha kukankhidwa ndi akuluakulu a Nyumbayo kuyambira kwa Sipikala kutsika m'munsi.

Pali mbali ya ntchito ya Legg yomwe sindigwirizana nayo. Iye adaika malire ake omwe sadali mu Green Book, £2,000 pachaka yoyeretsera nyumba ndi £1,000 yosamalira maluwa ndi kapinga, n'kuwagwiritsa ntchito pa zaka zisanu zam'mbuyo. Ndi mmene Gordon Brown, ali Nduna Yaikulu, adauzidwira kubweza £12,415. Wofufuza mabuku amayeza munthu ndi lamulo lomwe lidalipo tsiku lomwe ankasaina. Mukayamba kuyeza ndi lamulo la lero, wakuba ndi wotsatira malangizo olakwika amalowa m'thumba limodzi, ndipo wakubayo amapeza pobisala. Sir Paul Kennedy, woweruza wopuma yemwe ankamva apilo, adachepetsa kapena kufafaniza ngongole za aphungu angapo. Ntchito ya Legg idadya pafupifupi £1.16 miliyoni, kuposa pang'ono zomwe idabweza. Izi zokha sizindidandaulitsa, popeza kafukufuku wotere sachitika pofuna phindu.

Chaytor, Morley ndi phungu mnzawo Jim Devine atazengedwa milandu ya chinyengo, adadzitchinjiriza ndi lamulo la Bill of Rights la 1689, lomwe limaletsa makhothi kufunsa zochitika za m'Nyumba ya Malamulo. Ankati fomu ya alawansi ndi nkhani ya m'kati mwa Nyumbayo. Mu Novembala 2010 oweruza asanu ndi anayi a Supreme Court adakana. Chitetezocho n'cha zolankhula ndi zokambirana za aphungu, osati kapepala kopemphera ndalama. Chaytor adalamulidwa miyezi 18, Morley ndi Devine miyezi 16 aliyense, Eric Illsley miyezi 12, onse mu 2011. Denis MacShane adatsatira mu Disembala 2013 ndi miyezi isanu ndi umodzi chifukwa cha malisiti abodza a £12,900. Mamembala awiri a House of Lords nawonso adamangidwa. Pa chisankho cha 2010 aphungu 149 sadaimenso, ngakhale si onse omwe adachoka chifukwa cha nkhaniyi.

Desiki itachoka m'Nyumbamo

Lamulo la Parliamentary Standards Act lidasainidwa pa 21 Julayi 2009, ndipo lidakhazikitsa bungwe loima palokha la IPSA (Independent Parliamentary Standards Authority), lomwe lidayamba kulipira aphungu chitatha chisankho cha Meyi 2010, wapampando wake woyamba ali Sir Ian Kennedy. Bodi yake ili ndi anthu asanu, ndipo lamulo limafuna kuti pakhale woweruza wamkulu wopuma, katswiri wofufuza mabuku, ndi mmodzi yemwe adakhalapo phungu. Phungu yemwe ali pampando saloledwa. Tsopano wolemba malamulo ndi wolipira sali pansi pa wopempha. Chingwe chimodzi chidatsala: bajeti ya IPSA imadutsa ku komiti yotsogozedwa ndi Sipikala.

Malamulo atsopano adatseka mabowo akale limodzilimodzi. Boma lidasiya kulipira chiwongoladzanja cha ngongole ya nyumba, kungotsala lendi kapena hotela, zomwe zidathetsa mchitidwe wosinthasintha nyumba chifukwa palibenso phindu lokonza nyumba ya eni. Katundu wa m'nyumba, kuyeretsa ndi maluwa zidachotsedwa. Lisiti lidayamba kufunika pa zopempha, ndipo zopemphazo zimaikidwa pa intaneti miyezi iwiri iliyonse, kuphatikizapo zokanidwa.

Nkhani ya antchito a aphungu idachedwerapo. Phungu aliyense amadzilembera yekha omuthandiza mu ofesi, boma n'kumalipira, ndipo ndalama za antchitowa ndi zomwe zimatenga gawo lalikulu la bajeti ya ofesi ya phungu. Mu Januwale 2008 Derek Conway adaimitsidwa masiku 10 zitadziwika kuti ankalipira mwana wake ngati wofufuza nkhani pomwe mwanayo adali pasukulu ya ukachenjede ku Newcastle. Komiti ya Sir Christopher Kelly idalangiza mu Novembala 2009 kuti kulemba achibale kuthe. IPSA idalola wachibale mmodzi pa phungu, ndipo idaletsa kulemba achibale atsopano chitatha chisankho cha 2017.

Kuima palokha kuli ndi mtengo wake, ndipo omwe amayamikira IPSA amakonda kudumpha pamenepa. Mu Julayi 2011 National Audit Office idapeza kuti pa zopempha 38 mwa 100 zilizonse, ndalama zoyendetsera fomu zinkaposa ndalama zopemphedwazo. Aphungu ambiri adati akulipira zina za ntchito kuchokera m'thumba mwawo poopa kuoneka m'nyuzipepala chifukwa cha tikiti ya basi. Phungu wolemera sadandaula nazo zimenezi. Wovutika ndi yemwe alibe chuma china kupatula malipiro, amene alawansi ya 1971 idapangidwira. Mu 2015 IPSA, yomwe idapatsidwanso mphamvu yokonza malipiro, idakweza malipiro a phungu kuchoka pa £67,060 kufika pa £74,000, Nduna Yaikulu David Cameron akutsutsa. Anthu adakwiya, koma ine ndimaona kuti bungwelo lidachita chomwe aphungu adalephera kwa zaka zambiri, kuika ndalama pamalipiro pomwe aliyense akuiona m'malo moibisa mu alawansi.

IPSA yomweyo idagwa m'mbuna ya omwe idawalowa m'malo. Ben Leapman, mmodzi wa atolankhani atatu aja, adapempha makope a malisiti enieni a aphungu atatu. IPSA idakana, n'kumati chidule chomwe idalemba kuchokera pa malisitiwo n'chokwana. Mu Epulo 2015 Court of Appeal idagamula kuti makopewo aperekedwe, chifukwa lisiti lili ndi zambiri zoposa chiwerengero: chizindikiro cha kampani, kalembedwe, zolembedwa pamanja. Aliyense wogwira mafomu amazidziwa izi. Lisiti labodza siligwidwa pa chiwerengero, limagwidwa pa nambala zotsatizana za masiku otalikirana, kapena dzanja limodzi lolemba malisiti a masitolo awiri.

Nyumba ya Malamulo ya Malawi idatengera kapangidwe ka Westminster, ndipo antchito ake ali pansi pa Parliamentary Service Commission, yomwe wapampando wake ndi Sipikala ndipo mamembala ake ndi aphungu. Lamulo lathu la ufulu wopeza zidziwitso lidasainidwa mu 2017 n'kuyamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Kapangidwe kameneka pakokha si mlandu, ndipo chifukwa chotetezera Nyumba ku nduna chilipo kunonso. Koma mafunso omwe ndingafunse mu ofesi yolipira ma alawansi ya nyumba iliyonse yotere ndi omwewa: kalaliki akakana fomu, wodandaula amapita kwa ndani, ndipo yemweyo ali ndi dzanja pa kukwezedwa kwa kalalikiyo? Wofufuza mabuku amaloledwa kupitirira siginecha? Ndipo zikatulutsidwa poyera, timaona chiwerengero chokha kapena pepala lenileni? Ku London, House of Commons Commission idalandira mamembala ochokera kunja kwa Nyumbayo kudzera mu lamulo la 2015.

Chaka chomwecho cha 2015 kudabweranso lamulo lolola ovota kuchotsa phungu nthawi yake isanathe, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi kupezeka wolakwa pa zopempha zabodza. Lidagwira ntchito mu 2019 pa Chris Davies, phungu wa Brecon and Radnorshire ku Wales. Iye adagula zithunzi zokongoletsera ofesi za £700, ndalama yomwe akadatha kuipempha movomerezeka, koma adalemba ma invoisi awiri abodza, ya £450 ndi ya £250, kuti agawe mtengowo pa mabajeti awiri. Adavomera mlandu kukhothi, ovota okwanira adasaina chikalata chomuchotsa mu Juni, ndipo pa chisankho chachibwereza cha pa 1 Ogasiti adagonja kwa Jane Dodds wa chipani cha Liberal Democrats.